Akati "mudzabwerenso pakatha miyezi itatu" sikuti akutayani

Lachiwiri lapitali ndili pakhonde kusankha nyemba m'lichero, kudatulukira mnyamata wina panjinga yakapalasa. Ndi mwana woti ndidamuona akukula. Pano ali pabanja cha ku Namitambo ndipo ali ndi ana awiri. Titalonjerana, adatulutsa kabuku ka kuchipatala ka mkazi wake m'jumbo n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Amayi, tandiwerengereni apa. Kunyumba kwavuta," adatero.

Wandilola kuti nkhani yake ndiilembe patsamba lino bola ndisatchule maina, poti mwina alipo ena amene akudutsa m'zomwezi.

Mkazi wakeyo ali ndi zaka 36. Zaka ziwiri zapitazo adamupeza ndi khansa ya m'mawere. Adamuchotsa bere la kumanzere, adalandira mankhwala a m'diripi aja timati kemo, tsitsi lidathothoka n'kumeranso, ndipo pano akumwa mapiritsi a tamoxifen tsiku ndi tsiku. Adayambiranso kulima ndi kugulitsa tomato. Mwezi watha adadwala chifuwa, ndipo atamujambula X-ray padaoneka kenakake kosamveka bwino. Adamutumiza ku Blantyre komwe adamuunika ndi makina a CT. M'kabukumo adokotala adalemba kuti m'phapo la kumanja muli kadontho ka mamilimita 6, ndipo adzabwerenso pakatha miyezi itatu kuti adzamujambulenso.

Mawu amenewa ndiwo agawanitsa banja. Mayi ake a mtsikanayo akuti madokotala amulephera, angomubweza mwaulemu kuti akafere kunyumba. Atsibweni ake akuti agulitse mbuzi apite naye kwa sing'anga wina wa ku Mozambique. Mnyamatayo payekha akufuna kupinyolitsa dimba kuti sabata yomwe ino akalipire sikani ina kuchipatala cholipira. Koma poti ndi mkamwini, mawu ake pamudzipo sapita patali. Mwini wake wodwalayo palibe amene wamufunsa maganizo. Akungokhala duu, usiku osagona.

Ndidamuuza mnyamatayo zomwe ndikuuzeni inu lero: kudikira miyezi itatu kumeneku nakonso ndi kuyeza. Adokotala sadamutaye mkaziyo. Chomwe chingamupweteke ndi kuphonya tsiku lomwe adamupatsa.

Kodi kadontho kameneka n'chiyani?

Pachithunzi cha m'chifuwa mapapo abwinobwino amaoneka akuda chifukwa mumakhala mpweya. Pakakhala kanthu kolimba, ngakhale kochepa bwanji, pamaoneka poyera. Chithunzicho chimangoonetsa kuti pali kanthu, malo ake ndi kukula kwake. Sichitchula dzina la matenda.

Kadontho ka mamilimita 6 n'kofanana ndi kambewu kamodzi ka nandolo wouma. Zomwe zingasiye kanthu kotere m'phapo ndi zingapo. Chikhoza kukhala chipsera cha chifuwa chachikulu cha TB chomwe munthu adadwala kalekale, mwinanso osadziwa n'komwe. Akhoza kukhala malo omwe chibayo sichidatheretu. Kakhoza kukhala kamwanabere kakang'ono ka m'phapo momwemo. Ikhoza kukhala TB yomwe ikuyamba kumene.

Kwa amene adalandira chithandizo chowotcha khansa ndi makina, phapo la mbali yomwe adawotchayo limatha kutupa patapita mwezi umodzi mpaka isanu ndi umodzi, kenaka n'kusiya chipsera. Kale amayi olandira chithandizochi adali ochepa chifukwa chinkapezeka kunja kokha, monga ku Zambia, Tanzania ndi India. Koma mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chidayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu July 2025 boma lidatsegulira National Cancer Centre pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Choncho zipsera zamtunduwu tiyamba kumaziona kawirikawiri.

Komabe sindikunamizani. Khansa ya m'mawere ikafuna kufalikira imakonda malo anayi: mafupa, mapapo, chiwindi ndi ubongo. Ndiye munthu amene adadwalapo khansayi, kadontho kake madokotala sakaona mopepuka ngati ka munthu wina aliyense. Timadontho ting'onoting'ono tambiri timapezeka kuti si khansa, koma tina timakhala khansa. N'chifukwa chake sadamuuze kuti "pitani muli bwino", komanso sadamuuze kuti "khansa yabwerera". Adamupatsa tsiku.

Bwanji osangojambulanso mawa?

Amayi nonse mukudziwa za kusikelo. Mwana mukamukweza sikelo kamodzi, mumangodziwa kulemera kwake kwa tsiku limenelo. Kuti mudziwe ngati akukula kapena akunyentchera, mumabweranso mwezi wamawa, azaumoyo n'kuyerekeza ndi zomwe adalemba kale. Mutati mumukweze Lolemba, mudzamukwezenso Lachitatu, simuphunzirapo kanthu.

Ndi mmenenso zilili ndi kadontho ka m'phapo. Chipsera sichikula. Malo a chibayo amachepa kapena kuzimiririka. Khansa imakula. Koma kukula kwake sikuoneka m'masiku ochepa. Zotupa zambiri za khansa m'mapapo zimatenga kuyambira mwezi umodzi mpaka kupitirira chaka kuti thunthu lake liwirikize kawiri. Ndipo ngakhale litawirikiza kawiri, kadontho ka mamilimita 6 pachithunzi kamangofika pa mamilimita 7 ndi theka. Kusiyana kotereku simungakuone pakatha sabata ziwiri. Mnyamata uja akadapinyolitsa dimba, akadabwera ndi chithunzi chofanana ndi choyamba chija, dimba litapita. Komanso makina a CT ali ndi cheza champhamvu kuposa X-ray wamba, sabwerezedwa popanda chifukwa.

Ena amafunsa kuti bwanji osangotengako kanyama n'kukayeza monga adachitira ndi bere. Bere lili panja, phapo lili m'kati mwa nthiti ndipo limayenda munthu akamapuma. Kulasa kanthu konga nandolo ndi singano pamalo otere n'kovuta. Singanoyo ikhoza kuphonya, zotsatira n'kunena kuti zonse zili bwino pomwe sizili bwino, komanso ikhoza kuboola phapo mpweya n'kutulukira m'chifuwa. Kawirikawiri madokotala amayamba kuganiza zotenga kanyama kadontho kakapitirira mamilimita 8, kapena kakaoneka kuti kakukula.

Ngati pakatha miyezi itatu kali chimodzimodzi, amakupatsani tsiku lina, mwina pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Kadontho kolimba kakakhala zaka ziwiri osasintha, nthawi zambiri amakatenga kuti si khansa. Ndiye konzekerani maulendo angapo, osati umodzi.

TB tisaiiwale

Ife amene tidagwira ntchito m'mawodi m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene chifuwa chachikulu chidasautsira boma lino la Chiradzulu, chikuyenda limodzi ndi HIV. Zinthu zidayamba kusintha mu 2001 pomwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV pachipatala cha boma cha Chiradzulu. Anthu ambiri amene adachira TB nthawi imeneyo, komanso ana amene adakulira m'nyumba momwe mudali wodwala, akuyenda ndi zipsera m'mapapo mpaka lero.

Tsono mayi aliyense amene wauzidwa za kadontho m'phapo afunse kuti, "Kodi makhololo anga mwayeza?" Makina a GeneXpert, omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza mu 2010, amatha kupeza TB m'makhololo pa maola awiri okha. Kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo TB wamba imachizika pa miyezi isanu ndi umodzi. Ngati simukudziwa mmene m'thupi mwanu mulili pankhani ya HIV, yezetsaninso, chifukwa zimathandiza adokotala kudziwa komwe angayang'ane.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba: mwapezeka ndi TB, mwayamba mankhwala, ndiye mukuti basi nkhani yatha, kusikani kuja sindipitanso. Ayi. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi matenda onse awiri. Tsiku la sikani likhale pomwepo. Wachiwiri: mankhwala amodzi a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya tamoxifen m'thupi. Musasiye mankhwala alionse panokha, koma a ku TB adziwe kuti mukumwa tamoxifen, ndipo a ku khansa adziwe kuti mwayamba mankhwala a TB.

Zoti muchite m'miyezi itatuyi

Choyamba, sungani zithunzi zakale. X-ray yomwe adakujambulani musadachitidwe opaleshoni, pepala la zotsatira za kanyama ka m'bere, sidi ya sikani yoyamba ngati adakupatsani, kabuku kakale komwe kadadzaza, zonsezi ziikeni m'jumbo imodzi pamalo posafika chiswe kapena madzi. Jambulaninso masamba ake pafoni. Ndikukumbukira mayi wina amene tidavutika naye mtima kwa sabata zingapo kaamba ka kadontho kotere. Tsiku lina mwamuna wake adabweretsa X-ray ya zaka zinayi m'mbuyomo yomwe idali pansi pa sutikesi. Kadontho kaja kadalipo kale, kukula kwake komweko. Nkhani idathera pomwepo. Chithunzi chatsopano chopanda chakale chili ngati sikelo yopanda kabuku.

Chachiwiri, lembani tsikulo pakalendala ndipo anthu awiri m'banjamo alidziwe. Anthu a kuno kusunga tsiku timakudziwa. Takhala tikusunga masiku olandirira ma ARV kwa zaka zoposa 20. Tichite chimodzimodzi.

Chachitatu, yambani lero kusunga ndalama ya ulendo. Kuchoka kumudzi pakabaza, kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kukweranso ina yopita ku Queen Elizabeth, anthu awiri kupita ndi kubwera, ndi kachakudya ka panjira, si ndalama yoipeza m'mawa wa tsiku lomwelo. Ngati muli kubanki m'khonde, auzeni anzanu msanga. Mbuzi ija ngati n'kugulitsa, igulitsidwire ulendo umenewu.

Chachinayi, pitirizani kumwa tamoxifen. Mankhwalawa amamwedwa zaka zisanu, ena mpaka khumi, ndipo amachepetsa mpata woti khansa ibwerere. Amayi ena akamva za kadontho amataya mtima n'kunena kuti mapiritsiwa sakugwira ntchito. Kusiya ndiye kutsegulira khansa chitseko.

Chachisanu, kwa inu mabanja achinyamata: ino si nthawi yotenga pathupi. Tamoxifen amatha kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo cheza cha CT sichifunika kwa mayi woyembekezera popanda chifukwa chachikulu. Mayi amene adadwala khansa ya m'mawere salangizidwa kulera ndi mapiritsi, jakisoni kapena zoika pamkono. Funsani za lupu ya kopa kapena makondomu. Ngati mukukayikira kuti mwaima, nenani asadakujambuleni.

Izi zokha sizidikira tsiku

Kudikira kuli ndi malire ake. Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, kabuku kali m'manja: kutsokomola magazi, kubanika kapena befu pantchito yomwe kale mumaigwira bwinobwino, chifuwa chopitirira sabata ziwiri, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, kuonda popanda chifukwa, kupweteka kwa msana kapena fupa komwe sikukusiya ngakhale usiku, mutu wosamva mankhwala, makamaka wobwera ndi kusanza, maso achikasu, kapena kachotupa katsopano pachipsera cha opaleshoni, m'khwapa kapena pamwamba pa fupa la m'khosi.

China choti muchidziwe bwino: tamoxifen nthawi zina amachititsa magazi kuundana m'mitsempha. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukangobanika mwadzidzidzi ndi ululu m'chifuwa, imeneyo ndi ngozi. Musadikire kuti kuche.

Mukafika pachipatala chaching'ono, kaya ku Namitambo, ku Namadzi, ku Nkalo kapena ku Nguludi, mawu oyamba akhale akuti, "Ndidadwalapo khansa ya m'mawere ndipo adandipeza ndi kadontho m'phapo." Musadikire kuti akufunseni. Pamzere pamakhala anthu ambiri, ndipo wokuonaniyo sangalote.

Tsiku la sikani likafika

Musapite nokha. Munthu wamantha amamva theka la zomwe adokotala akunena. Kujambulako sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa. Mumagona pakabedi, kabediko n'kulowa m'makina obulungira, ndipo amakuuzani kuti mugwire mpweya pang'ono. Nthawi zina amabaya mankhwala pamtsempha kuti chithunzi chioneke bwino, ndipo thupi limamva kutentha kwa kanthawi. Ngati muli ndi vuto la impso, mphumu, mumamwa metformin wa shuga, kapena mankhwala otere adakuwengani kale, nenani.

Mukamalandira zotsatira funsani mafunso anayi. Kadontho kaja kadali mamilimita angati, ndipo pano kali angati? Kodi kakadali kamodzi kapena taoneka tina? Mwayerekeza ndi chithunzi choyamba chija? Ndibwerenso liti, ndipo ndidzaonane ndi ndani? Mayankho ake alembedwe m'kabuku. Safunsa adadya phula.

Zimachitika m'dziko muno kuti munthu wafika n'kupeza makina awonongeka kapena wowerenga zithunzi palibe. Zikatero musabwerere chimanjamanja. Pemphani tsiku lina lolembedwa, funsani ngati kuli kwina komwe angakutumizeni, ndipo dziwitsani a kukiliniki ya khansa kuti simudajambulidwe. Kuchedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri si tsoka. Tsoka ndi kubwerera kumudzi n'kukhala chaka. Ndidaonapo mayi wina amene adabwezedwa kamodzi kokha, n'kukhumudwa osapitanso. Adadzabwera patatha miyezi khumi atanyamulidwa, madzi atadzaza m'chifuwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Nanga akadzati ndi khansa?

Funso limeneli mnyamata uja adalifunsa akuyang'ana pansi. Ndidamuyankha mosabisa. Khansa ya m'mawere ikafika m'mapapo imakhalabe khansa ya m'mawere, ndipo amaithira mankhwala a khansa ya m'mawere. Nthawi zambiri siichizika kotheratu, koma imagwirika. Pali mapiritsi ena omwe amapereka tamoxifen akaleka kugwira, pali kemo wina, pali njira yochotsa madzi m'chifuwa munthu n'kumapumanso bwino. Alipo amayi amene akhala zaka ndithu ali pamankhwala, akulera ana awo. Nthawi zina kadonthoko kamapezeka kuti ndi khansa ina yoyambira m'phapo momwemo, ndipo imeneyo ikapezeka idakali yaing'ono imatha kuchotsedwa.

Ululu nawo uli ndi mankhwala. Morphine wakumwa amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe ntchito yake ndi kuthandiza odwala matenda okhalitsa pamodzi ndi mabanja awo. Kutumizidwa kumeneko si chizindikiro chakuti mawa mumwalira.

Zonsezi zimayenda bwino munthu akapezeka adakali ndi mphamvu, akudya ndi kuyenda yekha. Mpake tsiku lija lili lofunika chotere.

Mawu kwa abambo ndi makolo

Abambo, mkazi wanu adataya bere, ndipo pano akuopa kutaya moyo. Usiku akamatembenukatembenuka si kuti wakwiya nanu. Simukusowa mawu anzeru. Mufunseni chomwe akuopa, mumvetsere, ndipo tsiku la sikani mukhale naye pabenchi. Nkhuni ndi madzi muthandizeni. Musamuuze kuti "usaganize", poti palibe munthu amene angaleke kuganiza. Muuzeni kuti, "Tipitira limodzi."

Inu makolo, atsibweni ndi ankhoswe, ndikudziwa kuti zonse mukuchita n'chikondi. Mwana akadwala, kukhala manja lende kumapweteka, ndiye mtima umafuna kuthamangira kwina kulikonse. Pempherani naye, muzimuyendera, mutengeni ana masiku ena kuti apume. Koma musamusiyitse mankhwala, musamumwetse zitsamba zosadziwika zomwe zingawononge chiwindi ndi impso, ndipo musamutengere kutali moti tsiku lake n'kumupitirira. Polankhula pamaso pake, kapena pamaso pa ana ake, pewani mawu a maliro. Munthuyo ali moyo, ndipo palibe dokotala amene wanena kuti khansa yabwerera. Pomanga mfundo, mwini thupi ayambe ndiye kulankhula. Mkamwini naye mumumvere, poti ndiye amagona m'nyumbamo n'kumamva mmene mkazi wake akupumira.

Ana musawanamize. Mwana wa zaka khumi amaona zonse. Muuzeni mwachidule kuti adokotala aona kanthu m'chifuwa mwa amayi ndipo akufuna adzakaonenso kuti adziwe chomwe chili.

Mnyamata uja adanyamuka dzuwa litapendeka. Tidagwirizana kuti dimba lisapinyolitsidwe, mkazi wake akapereke makhololo sabata ino, ndipo Loweruka ndipita ndekha kukacheza ndi apongozi akewo, ife akuluakulu tikamvane. Zomwe sikaniyo idzaonetse zili m'tsogolo. Chomwe chili m'manja mwawo lero ndi jumbo ya mapepala, mapiritsi a tsiku ndi tsiku, ndalama ya minibasi ndi tsiku lolembedwa pakalendala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati m'nyumba mwanu muli kabuku kolembedwa tsiku lomwe lidadutsa kale, musachite manyazi. Pitani mawa lomwe lino mukapemphe lina.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.